Thiraki yangayanga: zolemba za miyezi 6 yoyamba

Sabata 1

Makiyi ali m'thumba. Ndayendetsa mathiraki a eni ake kwa zaka 11, ndipo aka n'koyamba kuti hosi (mutu wa thiraki umene umakoka ngolo) imene yaima panjapo ikhale m'dzina langa, ngakhale kuti gawo lalikulu ndi la banki kufikira ngongole itatha. Ndaganiza zomalemba mmene zinthu zikuyendera, zokoma ndi zowawa zomwe. Pamene ndinkakonzekera, ondilangiza za kayendetsedwe anali mbwee, chonsecho zimenezo ndinkazidziwa kale. Amene ndinamusowa ndi munthu wondikhazika pansi n'kundionetsa mmene thiraki imadyera ndalama.

M'zolembazi simuona mitengo. Akazi anga, amene agwira mabuku a bizinesiyi, anati tiziwerengera chilichonse m'malita a dizilo: ngongole, inshulansi, matayala, ngakhale malipiro anga. Mtengo wa mafuta umasinthasintha, ndipo ukasintha zina zonse zimautsatira, choncho nambala ya m'malita imakhalabe ndi tanthauzo pakatha chaka. Ine ganizoli linandigwira mtima pa chifukwa chinanso. Dalaivala aliyense amawadziwa malita 100. Mukandiuza kuti tsiku limodzi loima landidyera malita 117, ndimachita kuona muvi wa thanki ukutsika.

Mathiraki amene ndinakaona ndi 7, ena a Volvo, ena a Scania, Mercedes-Benz ndi Freightliner. Dzina la pamphumi silinandikope kwenikweni. Ndinkadzifunsa ngati zipangizo zake zimapezeka msanga m'misewu imene ndiziyenda, komanso ngati amakaniko amene ndimawakhulupirira amaidziwa injini yake mkati ndi kunja.

Paliponse ndinkalawirira m'mamawa, injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Ikalira ndinkaonetsetsa utsi, kenako n'kutsegula potsirira oyilo. Pakamatuluka mpweya wamphamvu wopemerera ngati ketulo yowira, ndiye kuti ma ring, mphete zotseka mpweya m'masilinda a injini, atha. Zikatero amakaniko ankalumikiza kompyuta yawo. Thiraki ina inkaonetsa makilomita 610,000 pa dashibodi, koma kompyuta ya injini inaulula kuti inadutsa kale 1,000,000. Tinangotsanzika n'kumapita. Chinthu chimene amakaniko anandiphunzitsa tsikulo ndi kugawa makilomita ndi maola amene injini yalira. Ina inali ndi makilomita 500,000 okha, zooneka zokoma, koma maola 19,000. Apo ndiye kuti moyo wake wonse inkayenda makilomita 26 pa ola, kutanthauza kuti yatha zaka ikulira itaima kapena ikukwawa m'fumbi la pamalo omanga. Imene ndagula ili ndi makilomita 780,000 ndi maola 14,500, pafupifupi 54 pa ola. Imeneyo ndi thiraki ya mtunda wautali, yakalamba bwino.

Ndisanasaine ndinatapa oyilo pang'ono n'kutumiza ku labu. Iwo amayeza tizidutswa ta chitsulo ndi kopa timene timasonyeza kuperepeseka kwa mkati, fumbi limene lalowa, ndiponso ngati dizilo kapena madzi oziziritsa injini akusakanikirana ndi oyilo. Zotsatira zinabwera zabwino, ndipo pepala limenelo ndalisunga kuti ndizidzayerekeza ndi za m'tsogolo.

Ngolo ndi ya thandala, ya ma axle (zitsulo zopingasa zimene matayala amamangidwako) atatu, ili ndi zomangira kontena m'makona. Matayala onse pamodzi ndi 22, a hosi 10, a ngolo 12. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Anayi a ngolo ali ndi mano abwino koma ndi okalamba kwambiri. Ndawalemba poyambirira pa zofunika kusintha.

Sabata 3

Thiraki sinasunthe. Masiku 16 yaima pabwalo ine ndikuzungulira ndi mapepala: kulembetsa bizinesi, chilolezo chonyamulira katundu wa anthu, kuyezetsa hosi ndi ngolo, inshulansi. Ofesi ina imafuna pepala la inzake, inzakeyo nayo ikudikira lachitatu. Cholakwa ndi changa, chifukwa zambiri mwa izi ndikanaziyamba thiraki isanabwere. Banki inayamba kuwerenga masiku kuchokera pamene ndinasaina, ndipo kuima kumeneku kwatenga malita pafupifupi 1,500 tayala lisanazungulire n'kamodzi komwe.

Inshulansi ilipo iwiri, ya thiraki ndi ya katundu wa eni ake. Yachiwiriyi ndinaiwerenga tsamba ndi tsamba, mpaka timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto. Katundu akabedwa usiku thiraki itaima pamalo opanda alonda, salipira. Akanyowa chifukwa tenti inali yong'ambika, salipira. Palinso malire a mtengo wa katundu amene angamulipire pa ulendo umodzi. Zaka zonse zija ndinkagona pamene tulo tandipezera, osadziwa kuti bwana wanga anali ndi pepala lotere mu kabati. Tsopano malo ogona ndiziwasankha ndisananyamuke.

Sabata 4

Katundu woyamba: matumba 560 a simenti, matani 28. Mtima unkagunda ngati tsiku limene ndinayesedwa laisensi.

Pa sikelo yoyamba anandipatutsa. Kulemera konse kwa thiraki kunali m'malire, koma ma axle a kumbuyo kwa hosi anapitirira ndi makilogalamu 900. Opakira anaunjika matumba ambiri cha kutsogolo kwa ngolo, ine n'kungoyang'ana osanena kanthu popeza ndinali pa changu. Kuwonjezera apo ndinali nditangodzaza mathanki onse awiri. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.84, ndiye malita 800 ndi makilogalamu 670, onsewo ali pa hosi. Anandilola kusuntha katundu. Ndinapeza anyamata awiri, tinanyamula matumba 40 kupita nawo kumbuyo, ndipo theka la tsiku linathera pomwepo.

Kale ndinkangoona ngati a pa sikelo amakonda kuvutitsa anthu. Madala ena amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndili mnyamata anandifotokozera pa foni madzulo ake chifukwa chimene amayezera axle iliyonse payokha. Kuyambira 1958 mpaka 1960, ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, akatswiri anagwiritsa ntchito misewu yoyesera n'kumayendetsapo magalimoto olemera mosiyanasiyana usana ndi usiku. Anapeza kuti axle ikalemera kuwirikiza kawiri, msewu suwonongeka kawiri ayi, umawonongeka pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake matani 28 oyalidwa bwino ndi matani 28 ounjikidwa mbali imodzi ndi nkhani ziwiri zosiyana kwa msewu. Ndipo matayala anga ndi masipuling'i anga amamva chimodzimodzi.

Ndili wolembedwa ntchito, chindapusa cha pa sikelo chinkapita ku ofesi. Lero ofesiyo ndine. Popakira ndiziima pomwepo, ndipo ngati fakitale ili ndi sikelo ndizipempha kuyeza axle ndi axle ndisanatuluke pageti.

Sabata 8

Mwezi woyamba wa ntchito watha. Tinakhala pa tebulo ndi akazi anga mpaka usiku, malisiti onse ali balala. Manambala ndiwalemba monga mmene alili.

Pali ndalama zimene zimatuluka kaya thiraki yayenda kaya sinayende. Ngongole ndi malita 1,600 pa mwezi. Inshulansi 450. Ziphaso, foni, kachipangizo kolondolera thiraki ndi malo oimika, 150. Malipiro anga tinaika 600. Apa tinakanganapo pang'ono, ine ndimati tisaike kanthu poti thirakiyo ndi yathu. Iwo anati, "Bambo, mawa mutadwala tidzalemba dalaivala, ndipo adzafuna malipiro. Bizinesi imene ikupindula chifukwa choti inu mukugwira ulele, ikutinamiza." Ndinagonja, chifukwa ankanena zoona. Zonse pamodzi ndi malita 2,800. Pa masiku 24 ogwira ntchito, ndi 117 tsiku lililonse.

Zina zimatuluka thiraki ikamayenda. Ikakhala ndi katundu ikumwa malita 45 pa makilomita 100, ikakhala yopanda kanthu 30. Pamwamba pa dizilo tinawerengera matayala malita 5 pa makilomita 100 alionse, sevisi ndi oyilo 4, zolipira m'misewu 3, ndi 8 zosungira tsiku limene chinachake chidzathyoke. Zimenezi zikukwana 20.

Mweziwu ndayenda makilomita 5,200. Okhala ndi katundu ndi 2,900 okha. Otsalawo, 2,300, ndinkabwerera chimanjamanja kapena kuthamangira kumene ndamva kuti kuli katundu. Dizilo wapita malita 2,000, zina za pamsewu 1,040, zosasuntha zija 2,800. Zonse 5,840. Zimene ndagwirira ntchito, pa lita 1.5 kilomita iliyonse ya katundu, ndi 4,350. Tataya malita 1,490.

Chimene chinandikhalitsa chete ndi chakuti mtengo wa 1.5 ndinkauona ngati wabwino zedi, ndipo ndinkauvomera mosangalala. Ndinkauyerekeza ndi dizilo yekha. Koma kilomita iliyonse ya katundu inayenera kusenzanso kilomita yopanda katundu ndi masiku oima, moti kwa ine inandidyera malita 2. Ulendo uliwonse umene ndinkabwerako ndikumwetulira, ndinkakhala nditalipirira mwini katundu gawo la ulendo wake.

Sabata 9

Pa malita 4,350 aja, amene afika m'manja ndi 900. Enawo ali pamapepala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

"Tilipira pakatha masiku 30" ndinkamva ngati masikuwo amayamba katundu akatsika. Amayamba invoisi ikafika ku ofesi yawo pamodzi ndi chikalata chosainidwa chosonyeza kuti katundu walandiridwa, ndipo ena amayamba kuwerenga kumapeto kwa mweziwo. Chikalata changa china chinabwezedwa poti panalibe chidindo, masiku n'kuyambiranso pa 1. Pamene pa pampu ya dizilo safuna kumva za masiku 30.

Kuti ndipeze mafuta a sabata ino ndagulitsa ma invoisi awiri ku kampani imene imagula ngongole zotere. Amakupatsa ndalama mawa lake, n'kudulapo gawo lawo, kwa ine 4 pa 100 iliyonse, kenako iwo ndi amene amadikira. Pa mgwirizano wake pali mawu akuti mwini katundu akakanika kulipira, ngongoleyo ibwerera kwa ine. Ndasaina ndikudziwa zimenezo. Sindikufuna kuti chikhale chizolowezi, chifukwa pa ntchito imene phindu lake ndi lopyapyala chonchi, 4 pa 100 akhoza kukhala phindu lonse.

Tsopano sindichoka pageti ndisanaone siginecha, dzina, tsiku ndi chidindo. Ndimajambula pa foni n'kutumiza kunyumba, invoisi imapita tsiku lomwelo.

Sabata 10

Ndakana katundu koyamba m'moyo wanga.

Mkhalapakati wina amene wakhala akundipatsa ntchito anaimba Lolemba m'mawa. "Achimwene, muli pati? Ndili ndi katundu wonona, makilomita 600, mtengo ndakukwezerani." M'malita unali 1.7 pa kilomita, woposa onse amene ndalandirapo. Ndinawapempha mphindi 10. Kumene katunduyo amapita ndimakudziwa, ndi dera limene limalandira zinthu koma silitumiza kanthu nyengo ino. Ndinatenga kope. Zolowa 1,020. Dizilo popita 270, pobwera chimanjamanja 180. Zina za pamsewu pa makilomita 1,200 ndi 240. Masiku 4, kupakira ndi kutsitsa komwe, 468. Zotuluka zonse 1,158. Ndikanagwira ntchito masiku anayi kuti nditaye malita 138.

Ndinawaimbira n'kuwauza kuti pa mtengowo sindikwanitsa pokhapokha atandipezera wobwera naye. Anadabwa. "Achimwene, thiraki yatsopano m'manja mwanu mukukana ntchito? Ngongole mulipira ndi chiyani?" Ndinawayankha mwaulemu kuti ngongole yomweyo ndi imene ikundikaniza. Titadula foni manja anali kunjenjemera. Zaka 11 ndinazolowera kuti katundu akapezeka umapita, ndipo thiraki yoima pabwalo imaoneka ngati manyazi pamaso pa anzako.

Sindinena kuti zinatha mokoma kwambiri. Tsiku limenelo ndinakhala chabe, malita 117 anapita. Lachiwiri ndinapeza katundu wa makilomita 450 pa 1.3, ndi wobwera naye pa 0.9. Ulendo umenewo unasiya malita 54. Tikachotsa tsiku loima lija, ndatayabe 63. Koma 63 ndi wochepa kuyerekeza ndi 138, ndipo matayala apuma makilomita 300.

Nkhani ya katundu wobwera naye yandiganizitsa sabata yonse. Ngati ndikubwerera ndithu, kunyamula katundu kumangowonjezera malita 15 pa makilomita 100 ndi kuperepeseka pang'ono, ndiye ngakhale mtengo wotsika kwambiri umaposa kubwera wopanda kanthu. Masamu akutero. Koma malire alipo awiri. Kudikira katundu wotero masiku awiri ndi malita 234, ndipo nthawi zambiri phindu lake silifika pamenepo. Malire enawo anandikumbutsa ndi madala aja. Anati, "Mwana wanga, njira imene kwa iwe ndi yobwerera, kwa mnzako ndi yopita. Ukainyamula pa mtengo wa dizilo yekha, mawa mwini katundu adzauza mnzakoyo kuti mtengo ndi umenewo. Ndipo tsiku lomwelo wina akuchita zomwezo pa njira yako." Ndadziikira mtengo umene sinditsikapo ngakhale pobwerera. Mwina ndizitaya ulendo wina ndi wina chifukwa cha ichi, ndavomera.

Sabata 13

Ntchito yoyamba ya kontena, ya mafiti 40. Ndinafika padoko 5 koloko m'mawa, ndinatuluka mawa lake masana. Maola 31 pamzere, chifukwa pepala lina la mwini katundu linali lisanavomerezedwe.

Pamzere wotero munthu umaganiza zambiri. Mabokosi amene ndinkawayang'ana atasanjikizana mpaka m'mwamba anafalitsidwa ndi munthu wa ntchito yathu yomweyi. Malcom McLean wa ku North Carolina anayamba m'ma 1930 ndi thiraki imodzi yogula kwa wina, akuyendetsa yekha. Mu April 1956 sitima yake yotchedwa Ideal X inanyamuka ku Newark kupita ku Houston itasenza makontena 58. Cholinga chinali chakuti katundu asamatsitsidwe thumba limodzilimodzi kuchoka m'thiraki kulowa m'sitima. Zinathekadi, lero kontena imakwezedwa pa ngolo m'mphindi zochepa. Chimene chimaimitsa thiraki tsopano ndi mapepala.

Injini sindinaisiye ikulira usiku monga ndinkachitira kale. Ikamalira itaima imamwa malita 2 kapena 3 pa ola, ndipo usiku umodzi ndi malita oposa 20 opanda kilomita n'imodzi yomwe. Cholakwa chinali chakuti pa mgwirizano sindinalembe za kudikira. Nditapempha ndalama yodikirira anandifunsa kuti tinagwirizana pati, ndipo ndinalibe yankho. Kuyambira lero pepala langa lili ndi mzere wonena maola amene ndidikira mwaulere popakira ndi potsitsa, ndi mtengo wa ola lililonse loposa pamenepo.

Sabata 16

Lachitatu usiku belu la mpweya linalira, mivi yonse iwiri ikutsika ndikuona. Mwamwayi panali pamalo athyathyathya ndipo ndinapeza popatukira.

Kwa amene sanayendetsepo thiraki: mabuleki ake amagwira ndi mpweya, ndipo m'miphika ya mabuleki a kumbuyo muli masipuling'i amphamvu amene mpweyawo umawakankha kuti matayala amasuke. Mpweya ukatha masipuling'iwo amamanga matayala okha. Anazipanga dala kuti thiraki yotaya mpweya iime m'malo mothawa. Ndiye belu likalira umakhala ndi kanthawi kochepa kosankha poima, ukachedwa thiraki imakusankhira yokha, ngakhale pakati pa msewu.

Ndi tochi ndinapeza paipi kuseri kwa kabu imene inkakhuzana ndi chitsulo mpaka kubooka. Ndinadula pobookapo n'kulumikiza ndi cholumikizira chimene ndimayenda nacho. Ola limodzi ndinali nditatha. Koma nditatsegula mathanki a mpweya kuti ndichotse madzi, munatuluka phala lakuda la oyilo. Kompuresa, pampu imene imadzaza mpweyawo, inali itatha, inkapopera oyilo m'mapaipi, ndipo oyilo ameneyo amawononga chowumitsira mpweya ndi mavavu. Ndinakatsitsa katundu pang'onopang'ono n'kulunjika ku galaja. Kompuresa, chowumitsira ndi ntchito ya amakaniko zinakwana malita 620. Kudikira chipangizo masiku 4, ena 468. Katundu amene ndinalonjeza Lachisanu anapita ndi wina.

Malita 8 aja osungira zothyoka akanakhala kuti tinkawasungadi, akanakwana bwinobwino. Koma tinkatapako tikasowa dizilo, n'kumati tibweza ndalama zikalowa. Tinapeza muli 500 okha, otsalawo tinakongola kwa alamu anga. Akazi anga atsegula akaunti ina yapadera, khadi lake silikhala m'chikwama changa. Mathanki a mpweya ndinkayenera kumawatsegula tsiku ndi tsiku, ndipo ndikanaona oyiloyo kalekale. Pa kampani ntchito imeneyo ankagwira ndi anyamata a ku galaja, ine dzanja linaiwala.

Thiraki ili ku galaja komweko tinatumizanso oyilo wa injini ku labu. Fumbi linakwera kuyerekeza ndi pepala la Sabata 1. Amakaniko anatsata njira yonse ya mpweya wolowa mu injini n'kupeza mng'alu waung'ono pa paipi ya labala, kuseri kwa fyuluta, kumunsi kumene diso silifika. Fumbi linkalowa osasefedwa, ndipo fumbi mu injini limanola ma ring ndi masilinda ngati mchenga. Paipiyo ndi malita 25. Injini yonse ikanakhala ngongole yachiwiri.

Sabata 19

Izi ndazengereza kuzilemba, koma ndinalonjeza kulemba zonse.

Pofuna kubweza zimene zinatayika ku galaja, ndinayamba kuwonjezera maola. Kutsitsa madzulo, kunyamuka usiku womwewo kuti m'mawa ndikhale woyamba pamzere wopakira. Palibe bwana wondikakamiza, ngongole yokha inkandinong'oneza. Loweruka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha ndinadzidzimuka matayala akumanzere akulira pa miyala ya m'mphepete mwa msewu. Sindikukumbuka makilomita angapo a m'mbuyo mwake. Ndinaima pamalo oyamba otetezeka, ndinagona maola 6, ndipo nditadzuka ndinaimba kunyumba n'kunena zonse.

Mayiko amene anaika malamulo okhwima pa maola sanawaike mwamasewera. Ku European Union dalaivala akayendetsa maola 4 ndi theka ayenera kupuma mphindi 45, pa tsiku sapitirira maola 9 kupatula kawiri pa sabata pamene amaloledwa 10, ndipo pa masabata awiri sapitirira maola 90. Ku America amaloledwa maola 11 kenako apume 10 otsatizana. Kaya kumene munthu ukuyenda kuli wokuyang'anira kaya kulibe, thupi ndi lomwelo. Ndatenga malire a maola 9 kukhala anga, ndipo pakati pa 11 koloko usiku ndi 4 koloko m'mawa thiraki iziima. Ine ndikagona m'chipatala palibe dalaivala wachiwiri. Ndipo m'misewumu muli ana a anthu.

Liwiro nalo ndatsitsa. Mphepo imene thiraki imalimbana nayo imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo: kuchoka pa 80 kufika pa 90, kukankha kwake kumawonjezeka ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Pa makilomita 600, kuyenda 90 kumandipulumutsira mphindi 50 zokha, zimene nthawi zambiri ndimakazitayanso pageti. Masabata awiri ndikuyenda 80, ndikuyezanso mpweya wa matayala onse 22 m'mawa asanatenthe, dizilo watsika kuchoka pa 45 kufika pa 41 ndili ndi katundu.

Sabata 22

Fakitale ina yaing'ono ya matailosi imene ndinatsitsako katundu kawiri kudzera mwa mkhalapakati wina yandiitana yokha. Mayi amene amayang'anira zotumiza anati anaona kuti ndimaimba ndikachedwa, ndipo katundu wawo amafika wosasweka. Ndinayamba ndaonetsetsa kuti pa mgwirizano wanga ndi mkhalapakatiyo palibe chondiletsa, kenako ndinamuuza ndekha asanamve kwa ena. Akufuna maulendo awiri pa sabata, ndipo kumene matailosi amapita ndi kufupi ndi kumene amagula zipangizo zawo, choncho ndizibwera nazo. Mtengo ndi wocheperapo kuposa 1.5 uja, koma amalipira pakatha masiku 14, ndipo ulendo ndi wodzaza mbali zonse. Masiku otsala ndizinyamulabe za ena, kuti fakitaleyo ikadzatseka mwezi umodzi ndisadzagwire njakata.

Sabata 27

Mwezi wathawu ndayenda makilomita 7,900, a katundu 6,500. Opanda katundu atsika kuchoka pa 44 pa 100 alionse mwezi woyamba uja kufika pa 18. Dizilo 3,060, zina za pamsewu 1,580, zosasuntha 2,800, zonse 7,440. Zolowa, pa 1.3 kilomita iliyonse ya katundu, 8,450. Atsala malita 1,010, malipiro anga nditalandira onse koyamba, ndipo za mu akaunti yapadera ija sitinazikhudze. Invoisi sindinagulitse n'imodzi yomwe. Mweziwu ndakana katundu katatu.

Alamu anga tawabwezera. Dzenje la miyezi iwiri yoyamba lija silinakwiririke, latsala malita pafupifupi 1,800, ndipo ngongole ya banki yatsala miyezi 42.

Matayala anayi okalamba a ngolo aja ndasintha awiri, awiri enawo Lolemba. Akale ndawapereka kuti akawaone ngati angathe kuikidwa mano ena, koma ndikukayika chifukwa cha zaka zawo. Kalachi yayamba kugwirira pamwamba, amakaniko akuti ifika miyezi itatu ndikamaisamala ponyamuka pamtunda. Tayamba kuisungira malita 150 pa mwezi kuwonjezera pa 8 aja, ndipo ndapempha kuti chipangizocho aitanitsiretu kuti thiraki idzangogona ku galaja usiku umodzi. Oyilo wachitatu wapita ku labu dzulo, zotsatira zibwera Lachinayi.